Wonyamula Uthenga Naye Amanyamulidwa

Abusa anzanga, akulu a mpingo, atumiki, alaliki, amayi a Chigwirizano, ndi inu achinyamata amene mwathamangira mipando ya pazenera kuti kamphepo kazikupezani, ndidatsika kuchokera kumtunda dzulo madzulo nditavala jekete ndi tayi. Pofika pano pa Chitala jeketeyo inali pamkono, tayi ili m'thumba. Dzuwa la Okutobala la kuno silifunsa kuti udadzozedwa chaka chanji.

Mwandipempha kuti ndilankhule za kufooka, kudzichepetsa ndi kudalira Mulungu pa utumiki. Mawu atatuwa tonse timawadziwa. Timawaimba, timawalalikira, timawaika m'mapemphero, mpaka adafufutika ngati ndalama yachitsulo imene yadutsa m'manja ambiri, nkhope yake osaonekanso. Nchifukwa chake sindiyambira pa mawuwo. Ndiyambira pa njira imene idadutsa m'chigwa chathu chino.

Pa 28 Novembala 1889, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok adakhoma hema pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Pamenepo ndi pamene padamera mtengo umene lero tikuutcha Sinodi ya Nkhoma. Koma Mvera ali pamapiri, ndipo msewu waukulu wa masiku amenewo inali nyanja. Sitima inkatsitsa anthu ndi katundu pa Domira Bay, kufupi ndi kuno. Njanji idadzafika ku Salima m'zaka za m'ma 1930, galimoto kunalibe. Ndiye mabokosi a mankhwala, mabuku, masileti, mchere ndi nsalu zinkakwera bwanji mapiri aja? Pamitu pa amtengatenga. Nanga mmishonale amene wagwidwa malungo, miyendo ili zii, mutu ukuwaza nkhuni? Ankamugoneka m'machila, chinsalu cholimba chomangirira ku mtengo wautali, amuna n'kumasinthana phewa, wina patsogolo wina pambuyo, thukuta lili kamukamu, kudutsa pakati pa milambe mpaka kukayamba chitunda.

Taganizani za munthu ali m'machilamo. Wachoka kwawo kutali ndi Uthenga wa chipulumutso, koma sangathe kuponda pansi. Sadziwa njira, sadziwa pamene pali madzi akumwa, chinenero akuchigwira mwa apo ndi apo. Amene amusenzawo ambiri sadali akhristu n'komwe. Akadafuna kumusiya pansi pa mtengo n'kubwerera kwawo, nkhani ikadathera pomwepo. Sadamusiye. Agogo athu adasenza Uthenga paphewa asadaumve ndi khutu.

Koma ndisakunamizeni, machila adali ndi nkhope ziwiri. Panali wonyamulidwa chifukwa sangathe kuyenda. Panalinso bwana wa boma la atsamunda, wathanzi lake, wonyamulidwa chifukwa ankaona kuti fumbi la Nyasaland silikuyenera nsapato zake. Chinsalu chimodzimodzi, mtengo womwewo, mapewa omwewo. Kusiyana kunali mumtima mwa wogonayo, ndipo osenzawo ankadziwa bwino amene amusenza.

Nkhawa yanga pa ife atumiki a lero yagona apa. Machila achiwiriwa timawakonda. Tikafika pa mlaga, mnyamata athamangire chikwama chathu. Mpando wa ndalema ukhale wathu ena ali pamphasa. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba isasowe m'mbale yathu, ikasowa tifunse. Ulemu si tchimo, ndipo anthu athu amaupereka ndi mtima wonse, ine sindikuti muziukana mwamwano. Koma machila oyamba aja, onyamulidwa chifukwa wagwa, timawathawa ngati njoka. Ndani mwa ife adayimapo pa bwalo la akulu a mpingo n'kunena kuti, abale, miyezi itatu tsopano ndikulephera kupemphera, ndigwireni dzanja? Ndani adauzapo mnzake kuti kunyumba kwanga sikuli bwino? Timalola anthu kusenza zikwama zathu, koma katundu weniweni timabisa m'kati mwa jekete.

Paulo adakumana ndi zimenezi ku Korinto. Kudafika alaliki ena odziwa kuyala mawu, okhala ndi makalata owachitira umboni, ndipo akhristu adayamba kumuyerekeza nawo. Ankati Paulo ndi mkango papepala pokha, ukamuona maso ndi maso ndi kamunthu kofooka kosagwira mtima polankhula. Mukawerenge 2 Akorinto kuyambira mutu 10. Mpikisano umenewu ife sitiufunsa kuti unali wotani. Mkhristu wanu Loweruka usiku waonera pa foni mneneri wa mumzinda, suti yowala, zimkuzamawu, anthu akugwa ngati mapira odulidwa. Lamulungu m'mawa akukuonani inu mukutsika pa njinga yakapalasa, buluku mutalimanga ndi mphira kuti tcheni isalidye. Mumaona m'maso mwake kuti akuyeza.

Paulo adayankha bwanji? Adati chabwino, ngati ndi kudzitama, nanenso ndidzitame. Ndiye adayamba kuwerenga zikwapu, ndende, kusweka kwa ngalawa katatu, njala, usiwa, kusowa tulo. Pamapeto pa mutu 11 adaikapo kankhani kamene ambiri timakadumpha. Ku Damasiko ankamusaka, zipata za mzinda zili ndi alonda, ndipo abale adamuika mu dengu n'kumutsitsa pazenera la linga. Kuti mumve kukoma kwake, dziwani kuti m'gulu lankhondo la Aroma msilikali woyamba kukwera linga la mzinda wa adani ankamuveka chisoti chagolide, ulemu waukulu zedi. Akorinto ankazidziwa zimenezo. Tsono mtumwi akuti, ngati mukufuna mbiri yanga ya palinga, nayi: anzanga amatchuka ndi kukwera, ine ndidatsika, ndili khwinyaa mu dengu ngati nsomba zouma zopita kumsika, moyo wanga uli m'manja mwa anthu ogwira chingwe amene maina awo sitiwadziwa.

Kenako pa mutu 12 akunena za munga umene udamubaya m'thupi. Sadatiuze kuti unali chiyani. Ena amati maso, ena amati adani, ena amati malungo obwerezabwereza, ndipo ife a kunyanja amenewa timawamvetsa. Adapempha katatu kuti uchoke. Yankho lidali lakuti mungawo ukhala, chisomo ndicho chidzamusunga, pakuti mphamvu ya Ambuye imaoneka bwino pamene munthu waperewera. Onani kuti ameneyu ndi munthu amene adapemphererapo ena n'kuchira. Pemphero la iye mwini lidakanidwa, ndipo sadabise. Adalemba m'kalata yokawerengedwa pamsonkhano wa anthu omwe aja ankamunyoza.

Mpingo wa m'mbali mwa nyanja ino udayamba chimodzimodzi. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala idalowa m'nyanja, ndipo a mishoni ya Livingstonia, pakati pawo Dr Robert Laws, adamanga ku Cape Maclear. Malo okongola, doko labwino, koma udzudzu. Dr William Black adamwalira mu 1877. Chaka chomwecho adamwaliranso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachixhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Pamene ankasamukira ku Bandawe mu 1881 adasiya manda asanu, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene adabatizidwa mu Malichi chaka chomwecho. Zaka zoposa zisanu, manda asanu, mkhristu mmodzi. Mbusa wobweretsa lipoti lotere ku presibitale lero tingamuyang'ane bwanji? Komatu pochoka, ntchito ya pa Cape Maclear adaisiya m'manja mwa mmodzi yemweyo.

Mngunana adabwera mu 1876 pamodzi ndi anzake atatu. Mmodzi mwa iwo, William Koyi, ndiye anali wosaphunzira kwambiri pa gululo. Mbiri imati podzipereka adanena kuti anzake ali ndi matalente, iye ali ndi theka chabe, koma angathe kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Munthu wa theka la talenteyo ndiye adatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa, chifukwa chinenero cha kwawo chinkamvana ndi Chingoni, komanso chifukwa ankadziwa kukhala pansi n'kudikira pamene azungu ankafulumira. Adakhala pa Njuyu zaka zingapo sukulu isanaloledwe n'komwe. Adamwalira mu 1886. Angoni oyamba adabatizidwa mu 1890, iye ali m'manda.

Kwathu kuno nakonso sizidayende mwa ngwazi. A.C. Murray adakhadzulidwa ndi kambuku, ndipo thanzi lidamubweza kwawo ntchito ikadali yanthete. Ndipo nkhondo ya 1914 itatsala pang'ono kuyamba, likulu la mishoni lidachoka pa Mvera kupita ku Nkhoma, chimodzi mwa zifukwa zake chikhala matenda a kaodzera amene kashembe ankafalitsa m'chigwa chino. Ndimakonda kuwaseka anzanga a kumtunda kuti asanyade kwambiri ndi dzina la sinodi, mwina tikadakhala Sinodi ya Mvera pakadapanda kantchentche.

Pa banja la a Murray pali wina woti ndimutchule. Andrew Murray wamkulu, mbale wa bambo ake a A.C. Murray, anali mlaliki wotchuka ku South Africa, ndipo anali mmodzi mwa abusa amene adasonkha ndalama zotumizira mnyamatayu kuno. Cha m'ma 1879 mawu ake adatha, ndipo adakhala zaka ziwiri osalalikira. Mlaliki wopanda mawu ali ngati msodzi wopanda bwato. Buku lake lonena za kudzichepetsa, limene likuwerengedwabe m'mayiko ambiri, adalilemba patapita zaka kuchokera pa nthawi ya chete imeneyo. Ine sindikhulupirira kuti akadalilemba chimodzimodzi akadapanda kutsekedwa pakamwa.

Ndiyenera kunenanso mbali imene amishonale adalephera, popeza kuwalemekeza sikutanthauza kuwapaka laimu. Adalola kunyamulidwa thupi, koma adachedwa kulola kuti ana a dziko lino anyamule ntchito. Abusa oyamba achimalawi a mbali yathu, Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza, adadzozedwa pakati pa zaka za m'ma 1920, patatha zaka zoposa 30 chikhomereni hema pa Mvera. Nthawi yonseyo aphunzitsi ndi alaliki akuda ndiwo ankatsegula sukulu m'midzi, kuphunzitsa kalasi ndi kuika maliro. Munthu ukhoza kupemphera tsiku ndi tsiku kuti ndikudalira Mulungu, koma osakhulupirira kuti Mulungu yemweyo angagwire ntchito mwa mnzako popanda iwe kuyimirira pambuyo pake. Matendawa sadakwere sitima kubwerera ndi azungu. Alipo mkulu wa mpingo amene wagwira makiyi a nyumba ya mapemphero zaka 20, ndipo akapita ku maliro kutali anthu amapemphera panja.

Pali chithunzi china cha panyanja pano chimene sichindichoka m'mutu. Chauncy Maples, wa mpingo wa Anglican, adadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma ku London mu 1895. Pobwerera, mu Seputembala chaka chomwecho, ngalawa yake idagubuduzika ndi namondwe chakumwera kwa nyanja ino. Amalinyero ake adasambira n'kupulumuka, koma iye ndi mnzake Joseph Williams adamira. Manda ake ali ku Nkhotakota. Zimanenedwa kuti chimene chidamulemera m'madzimo ndi mkanjo wake waubusa. Sindikunena izi momunyoza, adatumikira zaka zambiri mokhulupirika kuposa ambiri a ife. Koma asodzi amene muli muno mukudziwa kuti mwera ukakugubuduza, choyamba ndi kuvula chilichonse cholemera. Chovala chimene chimakupatsa ulemu pamtunda chimamwa madzi. Ndawaona abusa akumira, ndi ngongole, ndi mowa wobisa, ndi mtima wosweka, anthu ali pafupi ndi bwato okonzeka kuwavuula, koma kolala ikuwaletsa kufuula.

Tsono wina asachoke pano akuti aphunzitsi anena kuti kufooka ndi kwabwino, basi tizingofooka. Ayi. Kukwera pagome osakonzekera ulaliki n'kumati Mzimu andipatsa pomwepo, umenewo ndi ulesi. Kusokoneza ndalama za masika n'kumati tonse ndife ofooka, kumeneko ndi kuba. Kuyenda ndi mkazi wa mwini kapena kunyenga mwana wa kwaya ndi tchimo, ndipo malo ake ndi kulapa ndi chilango cha mpingo, osati 2 Akorinto 12. Munga wa Paulo sadadzibaye yekha.

Palinso kudzichepetsa kwa pakamwa, kumene ife a mpingo tidakuphunzira bwino kuposa katekisma. Popemphera timati ine kapolo wanu wachabechabe, fumbi lenileni, nyongolotsi. Amen akangomveka, mtumiki wachinyamata afunse mwaulemu kuti, pepani abusa, ndalama za malata zija zafika pati, muone nyongolotsi ija ikusanduka mamba. Kudzitsitsa pamaso pa Mulungu n'kosavuta, chifukwa sakuyankha pamaso pa anthu. Muyeso wake uli pa mmene umamvera akakudzudzula munthu amene umamuposa msinkhu, sukulu kapena udindo. Mose adamvera mpongozi wake Yetero, munthu wakunja, atamuuza kuti akudzipha ndi milandu ndipo agawireko ena. Pa nkhondo ya Amaleki manja ake atalema adakhala pamwala, Aroni ndi Huri n'kumugwirira mikono mpaka dzuwa kulowa, gulu lonse likuona kuti mtsogoleri watopa. Ngakhale Ambuye wathu mtanda udamukulira panjira, ndipo adausenza ndi Simoni wa ku Kurene, munthu wa kuno ku Africa.

Kudalira Mulungu nakonso takupotoza. Ena afika poganiza kuti mtumiki womwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV ndiye kuti chikhulupiriro chake chaphwa. Ndiye botolo amalibisa pansi pa matiresi, ena kusiyiratu kumwa, n'kumalalikira za machiritso mpaka tsiku lowanyamula. Amene amadziwa zoona ndi mayi busa yekha, amene amasenza munthuyo usiku, m'mawa n'kumusitira malaya kuti akaoneke wamphamvu. Amayi a Chigwirizano, mukamayendera odwala, muzikumbukira kuti nyumba ya abusa nayonso ili ndi khomo.

Inu a pano muli ndi mwayi wokhala pafupi ndi malo a kafukufuku wa zaulimi. Mukudziwa chifukwa chake mbewu imene yachita bwino ku Chitedze amabwera nayo kuno kudzaiyesanso. Kumtunda kozizira mbewu iliyonse imaoneka yamphamvu. Ikakumana ndi dzuwa la Chitala ndi ng'amba ya pakati pa dzinja, m'pamene imaulula za mizu yake. Amene amayesa mbewuyo sakhumudwa ikafota, ndicho chimene adabweretsera, kuti adziwe isadafike kwa mlimi. Ine dzuwa langa lidandipeza pa mpingo wanga woyamba, ndipo ndidafota.

Ndinali mnyamata, kolala ikadali yoyera bwino. Mwana wa mkulu wina wa mpingo, kamtsikana ka zaka zinayi, adadwala kwambiri. Adandiitana madzulo. Ndidapeza nyumba yadzaza, koloboyi akufuka pakona, mwana ali pamiyendo pa mayi ake, maso atatembenuka. Anthu atandiona adapumira m'mwamba, ndipo kupuma kumeneko kudandilowa m'mutu ngati kachasu. Ndidapemphera mokweza, nthawi yaitali, mawu akubwera okha. Nditatha ndidagwira phewa la mayiyo n'kunena kuti, mayi, pukutani misozi, mwanayu safa. Palibe amene adandituma mawu amenewo. Ndidawanena chifukwa anthu ankandiyang'ana ndipo ndinkafuna kukhala munthu amene ankamuyembekezerayo. Choyenera kunena chinali chakuti tiyeni timunyamule usiku womwe uno.

Mwana adamwalira m'bandakucha.

Mwambo wa maliro ndidachititsa, poti ndi ntchito. Ndidawerenga zonse m'buku, maso osachoka papepala. Adzukulu atangomaliza kukwirira ndidakwera njinga, nsima osadya. Kuyambira tsiku limenelo njira yodutsa pakhomo pawo ndidaisiya, ndinkazungulira kudambo ngakhale nthawi ya matope. Bamboyo ankabwera ku bwalo la akulu, kukhala malo ake, kundipatsa moni wa manja awiri monga kale. Ine ndinkayankha ndikuyang'ana mafayilo. Pagome ndinkalalikirabe mwamphamvu, mwina kuposa kale, koma ndikagwada ndekha m'chipinda munalibe mawu.

Mwezi wa Febuluwale malungo adandigwira. Ndidawauza mayi a kunyumba kuti asauze munthu, ndi chimfine chabe. Tsiku lachitatu usiku ndidayamba kubwebweta. Iwo adaphwanya lamulo langa n'kuthamangira kwa anansi, ndipo pamudzi ponsepo munthu amene anali ndi ngolo ndi ng'ombe anali mmodzi.

Ndimakumbukira zidutswazidutswa. Manja anayi akundikweza ngati thumba la chimanga. Mphasa yonunkha manyowa. Chitenje chimene wina adandifunditsa, chimene pambuyo pake ndidamva kuti chinali cha mayi a mwana uja. Mvula inali itagwa, ngolo inkatitimira, ndipo pena bamboyo ankatsika n'kukankha gudumu ndi phewa, matope mpaka m'mawondo. Titaoloka kamtsinje mutu udayera pang'ono, ndipo ndidaona msana wake patsogolo panga, chikoti chili m'manja, nyenyezi zikugwedezeka. Ndidaona kuti nthawi yake ndi yomweyi, mwina sindifika. Ndidadzutsa mutu n'kuyamba kuti, bambo, za mwana uja, ine ndidalakwa, ndidanena zimene...

Sadatembenuke. Adangoti, “Abusa, gonani. Mukundisokonezera ng'ombe.”

Ndidagona. Tidafika kuchipatala tambala woyamba akulira, ndipo iye adakhala pakhonde mpaka botolo lachiwiri la diripi litatha, kenako adapita kukamwetsa ng'ombe zake.